Amagona Kuti Amene Wasenza Katundu Wako?

Achinyamata anzanga, sabata ino ndikupempheni kuti tichokeko pang'ono kwathu kuno, tipite m'malingaliro ku dziko la Nepal, kudera lotchedwa Khumbu, kumene kuli phiri lalitali kuposa onse pa dziko lapansi. Ambiri timalidziwa ndi dzina loti Everest. Boma la Nepal limalitcha Sagarmatha, pamene eni dera, anthu a mtundu wa Sherpa, amati Chomolungma. Malinga ndi muyeso umene mayiko a Nepal ndi China adalengeza limodzi m'chaka cha 2020, phirili n'lotalika mamita 8,848.86. Titati tisanjikize Sapitwa wathu wa ku Mulanje kawiri, padakatsalabe mamita oposa 2,800 kuti tifike pansonga pake.

Amene amakwera mpaka pansongapo ndi ochepa. Alendo ambiri amangoyenda pansi kukafika patsinde pa phiri, pamalo otchedwa Base Camp, pa mamita 5,364. Amatera ndi ndege yaing'ono ku Lukla, pabwalo lamamita 527 okha, kenaka amayenda masiku awiri kukafika m'tauni ya Namche Bazaar, pa mamita 3,440. Ulendo wonse, kupita ndi kubwerera, umatenga masiku pafupifupi 12. Kale oyenda njira imeneyi ankagona m'matenti kapena m'nyumba za anthu, n'kumadya zimene eni nyumba adya. Lero amene ali ndi thumba lolemera amagona m'maloji apamwamba: bedi lokhala ndi bulangete lotenthetsa ndi magetsi, madzi otentha osamba, buledi wophikidwa m'mawa womwewo, khofi, vinyo, ndi mawindo aakulu oti munthu aziona mapiri ali gone. Ena akafika kumtunda sabwereranso wapansi, helikopita imadzawatenga. Zimenezi sizidayambe dzulo: hotela ya Everest View, imene ili pa mamita 3,880, idatsegulidwa m'chaka cha 1971.

Sindikuona tchimo mwa munthu amene wayenda tsiku lonse m'chisanu n'kufuna kugona pofunda. Funso langa ndi lina: bedi limenelo lidafika bwanji kumeneko?

Ku Namche sikufika galimoto. Thumba lililonse la simenti, galasi lililonse la pawindo, matiresi, botolo la gasi, kireti ya mowa, zonse zimafika pa helikopita, pamsana pa nyulu ndi ng'ombe za m'mapiri zotchedwa yak, kapena pamsana pa munthu. Onyamula katundu a kumeneko amasenza dengu lalikulu kumsana, lomangidwa ndi lamba wodutsa pamphumi, wotchedwa namlo. Amayenda chowerama, atagwira kandodo kakafupi kamene amatsamiritsirapo katundu akafuna kupuma. Akatswiri ena amene adayeza anthu ameneŵa panjira ya ku Namche adalengeza m'chaka cha 2005 kuti amuna ankasenza katundu wolemera pafupifupi 93 peresenti ya kulemera kwa thupi lawo. Amene amanyamulira alendo zikwama amayenera kusapitirira makilogalamu pafupifupi 30, koma amene amaperekera katundu m'masitolo ndi m'maloji amalipidwa potengera kulemera kwa katunduyo, choncho umphawi ndiwo umawauza mlingo. Ndipo zonsezi zikuchitika kumalo kumene mpweya ndi wochepa: pofika ku Base Camp, munthu akapuma kamodzi amakoka pafupifupi theka la okosijeni amene akadakoka m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Pali chinthu china chimene alendo ambiri sachidziwa. Mawu oti Sherpa si dzina la ntchito ayi, ndi dzina la mtundu wa anthu, monga tinenera kuti Mlhomwe kapena Mtonga. Tanthauzo lake ndi anthu a kum'mawa, pakuti makolo awo adachokera kum'mawa kwa Tibet zaka pafupifupi 500 zapitazo. Masiku ano a Sherpa ambiri a ku Khumbu ndi eni maloji, otsogolera alendo ndi akatswiri okwera mapiri. Amene amasenza katundu wolemera kwambiri kaŵirikaŵiri ndi anthu a mitundu ina, monga a Rai ndi a Tamang, ochokera m'midzi ya kumunsi, amene matupi awo sadazolowere kumtunda monga a eni dera. Madzulo mlendo akamalowa m'chipinda chodyera chotentha, amene wamusenzera chikwama amakafuna pogona pake kwina, m'tinyumba ta onyamula katundu mmene amagona mothithikana. Nthawi zambiri chakudya amagula yekha kuchokera pa malipiro ake, pamene mtengo wa mbale ya mpunga umakwera njira ikamakwera. Nthenda yodza chifukwa cha kuchepa kwa mpweya siyang'ana kuti uyu ndi mlendo, uyu ndi wantchito. M'chaka cha 1997 kudakhazikitsidwa bungwe la International Porter Protection Group, wonyamula katundu wina wodwala atamwalira panjira kudera lina la Nepal, atauzidwa kuti atsike yekha. Zimene bungweli lidapempha n'zosavuta kumva: zovala zofunda, pogona, chithandizo cha mankhwala chofanana ndi cha mlendo, inshuwalansi, ndiponso kuti wodwala asatsitsidwe wopanda womuperekeza. N'zomvetsa chisoni kuti zinthu zotere zidachita kufuna bungwe kuti zinenedwe.

Wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Anganene kuti popanda alendo, Khumbu ikadakhala pati? A Sherpa ankadalira mbatata, ziweto ndi malonda a mchere ndi anthu a ku Tibet, koma malondawo adaloŵa pansi malire atatsekedwa cha m'ma 1959. Chimene chidawapulumutsa ndi mapiri. Tenzing Norgay ndi Edmund Hillary atafika pansonga pa 29 Meyi 1953, maso a dziko lonse adatembenukira kuderali. Hillary adakhazikitsa bungwe la Himalayan Trust, limene lidamanga sukulu ku Khumjung m'chaka cha 1961 ndi chipatala ku Kunde m'chaka cha 1966. Bwalo la ndege la Lukla lidamangidwa m'chaka cha 1964. Lero pali ana a Sherpa amene ndi madokotala, oyendetsa ndege ndi eni makampani. Mlendo wolemera amasiya ndalama zambiri kuposa wogona m'tenti yake, ndipo loji yapamwamba imalemba ntchito ophika, ochapa ndi amisiri. Zonsezi n'zoona. Ndionjezerenso kuti amene amadandaula kuti Namche yaonongeka chifukwa muli magetsi ndi intaneti, nafuna kuti a Sherpa azikhalabe m'nyumba zautsi kuti zithunzi zake zikongole, ndiye wodzikonda kuposa onse. Umphawi wa mnzako si chokongoletsera ulendo wako.

Koma kuvomera kuti mlendo wabweretsa zabwino sikutiletsa kufunsa mmene zabwinozo zikugaŵidwira, ndiponso amene akulipira ndi thupi lake. Dzina la Sherpa, limene makampani amakopera nalo alendo, lidagulidwa ndi miyoyo. Pa 18 Epulo 2014 zibuma za madzi oundana zidagumuka pamalo oopsa otchedwa Khumbu Icefall, kumtunda pang'ono kwa Base Camp, n'kupha anthu 16, onse a ku Nepal, ambiri mwa iwo a Sherpa. Adali atalawirira kukasiya katundu ndi kukonza misasa ya alendo. Mlendo amadutsa pamalopo maulendo ochepa, pamene wantchito amadutsapo mobwerezabwereza. Boma poyamba lidalonjeza chipepeso cha marupi 40,000 pa banja lililonse, ndalama zokwana madola a ku America pafupifupi 400, ndipo anzawo a omwalirawo adakwiya, nakana kukwera phiri chaka chimenecho. Yerekezani ndi chiphaso chokwerera phirili, chimene m'chaka cha 2025 chidakwezedwa kuchoka pa madola 11,000 kufika pa 15,000 kwa mlendo mmodzi. Kami Rita Sherpa pofika m'chaka cha 2025 adali atafika pansonga maulendo 31. Timamuyamikira ngati ngwazi, ndipo ndi ngwazidi, koma tisaiŵale kuti maulendo amenewo adali a kuntchito.

Nanga chikhalidwe cha a Sherpa chimene zotsatsa malonda zimalonjeza? Mlendo amavekedwa kansalu koyera m'khosi, amajambulitsa pa nyumba ya amonke a Chibuda ya Tengboche, imene idamangidwa m'chaka cha 1916, idagwa ndi chivomezi mu 1934, idapsa mu 1989, n'kumangidwanso. Akabwera m'nyengo yake amaonerera magule a chikondwerero cha Mani Rimdu. Zonsezi n'zokongola, koma phata la chikhalidwechi lili pa kudziwa malire. Pamwamba pa midzi ya Khumjung ndi Kunde pali phiri la Khumbila, limene silikweredwa chifukwa eni ake amalilemekeza ngati mlonda wa dziko lawo. M'dera la Khumbu mwambo suloleza kupha nyama, choncho nyama imene mlendo amaitanitsa m'loji imachita kusenzedwa kuchokera kumunsi. Makolo awo ankasankha alonda a mudzi otchedwa nawa, oona kuti nkhalango isadulidwe mwachisawawa ndiponso kuti ziweto zisaloŵe m'minda nthawi isanakwane. Asanayambe kukwera phiri, amayamba apemphera ndi kupempha chilolezo. Ndi anthu amene amakhulupirira kuti pali zinthu zimene munthu satenga ngakhale ali ndi mphamvu zozitengera. Mlendo amene amaganiza kuti walipira ndiye chilichonse chimuyenera, amene amafuna helikopita itere paliponse pamene watopa, wajambula chikhalidwecho koma sadachimve.

Ndipo phiri lenilenilo likusintha. Madzi oundana akusungunuka chifukwa cha kutentha kwa dziko, n'kupanga nyanja zikuluzikulu kumtunda kwa midzi. Pa 16 Ogasiti 2024 madzi ochokera ku nyanja zotere adasefukira ngati napolo n'kukokolola nyumba, sukulu ndi chipatala chaching'ono m'mudzi wa Thame, kwawo kwa Kami Rita. Mlendo zikavuta amasintha ulendo n'kupita kwina. Paja akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi matope ndi eni mudzi.

Mwina mukufunsa kuti ife zikutikhudza bwanji, popeza ambiri mwa ife sitidzapondako ku Nepal. Zikutikhudza chifukwa nkhani ya wosenza ndi wosenzedwa si yachilendo kwa ife. Agogo athu adanyamula azungu pa machila. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, amuna zikwizikwi a dziko lino adatengedwa kukakhala amtengatenga, ndipo ambiri adafera panjira ndi njala ndi matenda, mayina awo osalembedwa paliponse. Lero pa phiri la Mulanje pali anyamata amene amasenza zikwama za alendo kuchokera ku Likhubula kukafika kumisasa ya kumtunda. Ife eni ake, tikakwera kabaza pachitunda, tikamanenerera mtengo wa nkhuni kwa mayi amene wazisenza kuchokera kuphiri mbandakucha, tikamadya nsima imene mtsikana wantchito waphika iye n'kukadyera kukhitchini zotsala, tili pamalo pamene pali mlendo wa m'loji uja. Kusiyana kwake n'kwa kukula kwa thumba basi. Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Choncho maganizo anga ndi aŵa. Loji yapamwamba isayesedwe ndi kufeŵa kwa bedi la mlendo kokha. Iyesedwenso ndi pamene wagona womusenzera katundu. Kampani imene ingathe kukweza vinyo pa mamita 4,000 singanene kuti yalephera kupeza jekete, nsapato ndi inshuwalansi ya wantchito wake. Helikopita imene imatsitsa mlendo wotopa itsitsenso wonyamula katundu wodwala. Mlendo nayenso ali ndi udindo: afunse asanalipire kuti antchito alandira zingati, asenza makilogalamu angati, ndipo akadwala chichitike n'chiyani. Apepukitse chikwama chake. Adziwe dzina la womunyamulira, ndi mudzi umene akuchokera. Mafunso ameneŵa akamafunsidwa ndi amene agwira ndalama, eni malonda amamva msanga kuposa mmene amamvera madandaulo a wantchito. Zimenezi zikachitika, ndalama za wolemera zidzakhala dalitso lenileni kwa anthu a m'mapiri, ndipo palibe amene adzachite manyazi ndi madzi otentha amene wasamba.

Pa 29 Meyi 1953 anthu aŵiri adaima pansonga, koma chithunzi chotchuka cha tsikulo chikuonetsa Tenzing yekha, pakuti Hillary ndiye adagwira kamera. Kumbuyo kwa aŵiriwo kudali anthu mazana angapo amene adasenza katundu wa gululo kuchokera ku Kathmandu, amene nkhope zawo sitizidziwa. Sabata ino tiyeni tilingalire mafunso aŵa, aliyense payekha ndiponso m'magulu athu. Kodi ndani wandisenzera chimene ndadya, ndavala kapena ndakwera lero? Kodi dzina lake ndikulidziwa? Pamene ndinkanenerera mtengo, kodi ndinkafuna chilungamo, kapena ndinkadyera masuku pamutu munthu amene sakadatha kukana? Ndipo tsiku limene ndidzakhale ndi wantchito wanga, kodi adzagona kuti?

Ndikufunirani sabata yabwino.