Mapazi a agogo nawo amakalamba

Kumapeto kwa February, pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, mafoni onse amaloza madoda ovina ngoma, akuponda pansi mpaka fumbi koboo. Gule akatha, ndani amayang'ana mapazi a madala aja?

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo limakalamba monga thupi lonse. Mafuta a pansi pa chidendene amachepa, ndiye agogo akaponda kamwala amamva ngati msomali. Phazi limatambasuka, amene anali kuvala saizi 7 manje afunika 8. Khungu limauma, mang'a amatseguka, zikhadabo zimalimba.

Ise a m'tauni tikafola, timathamangira pa salaula ku Kapata, kugula nsapato pa saizi yakale n'kutumiza kumudzi. Agogo safuna kukhumudwitsa mdzukulu, amavala chabe olo zikuwaluma. Mawa lake matuza.

Kwa munthu wa shuga, thuza si nkhani yamasewera. Shuga imaononga mitsempha, phazi limachita dzanzi. Munga ulowa, samva. M'nyengo yozizira ya June aotha mbaula, apsa, samva. Bala likachedwa kupola limaola, ndipo ena amafika ku Chipata Central Hospital mochedwa, madokotala n'kudula chala kapena mwendo.

Ndiye mukapita kumudzi, musangosiya shuga ndi saladi n'kubwerera. Khalani pansi munene kuti, "Agogo, tabweretsani mapazi ndione." Yang'anani pansi pake ndi pakati pa zala. Asambitseni ndi madzi ofunda omwe mwayesa ndi dzanja lanu, pukutani bwino, pakani Vaseline pa chidendene koma osati pakati pa zala. Zikhadabo dulani mowongoka zikafewa ndi madzi, ndipo lezala isayandikire pa mang'a.

Za nsapato, apondetseni pa katoni madzulo, nthawi imene mapazi amatupako, mujambule phazi ndi bolopeni. Katoniyo ndiyo muyende nayo kumsika. Sankhani yotakata kutsogolo, yogwira chidendene. Mapatapata amaterera, ndipo nkhalamba ikagwa, fupa la m'chiuno silichedwa kuthyoka.

Bala losapola, chala chakuda, dzanzi kapena mapazi otupa masiku angapo, izi si za "ndi ukalamba chabe". Apititseni ku kiliniki akapimidwe shuga ndi BP. Agogo akaleka kuyenda, kumunda ndi kutchalitchi kwathera pomwepo, ndipo owasamala tsiku ndi tsiku adzakhala inu nomwe.