Duwa Likakula Kufika Kudenga

Ogulitsa maluwa a m'nyumba pa Facebook amalakwitsa chinthu chimodzi: amawerengera zaka zomwe akhala akuthirira duwalo, pamene wogula akuganiza za galimoto yolinyamulira. Monstera, duwa la masamba ong'ambikang'ambika lochokera kum'mwera kwa Mexico lija, likafika mamita 2 silikweranso kabaza kapena minibasi. Pamafunika pikapu, ndipo tsamba limodzi likathyoka panjira, wogula ayamba kunenerera. Choncho jambulitsani mutaima pambali pake kuti msinkhu wake uoneke, tchulani ngati mphika uli pamtengo womwewo, ndipo nenani poyera kuti wogula adzatenge yekha. Ndikadakhala ine, bwenzi ndikudula nthambi zokhala ndi mfundo, kuzimeretsa mizu m'madzi, n'kumagulitsa imodziimodzi kwa anansi olipira pa Airtel Money kapena Mpamba.

Mlimi wa Pakhonde