Kugulitsa maesiteti: nkhani yagona pa lizi ndi nkhalango

Zidziwitso zotsatsa malonda a minda ikuluikulu ya kumidzi, yomwe ambiri amaitchula kuti maesiteti, si zachilendo m'nyuzipepala za m'dziko muno. Kalembedwe kake n'kamodzimodzi: nyumba ya njerwa zootcha yofolera ndi malata, zigafa ndi mabani a fodya, nyumba za antchito, khola, mjigo, mahekitala akutiakuti olimapo, ndipo kumapeto kwenikweni mawu akuti palinso nkhalango. Chimene zidziwitso zambiri sizitchula ndi zaka zimene zatsala pa lizi ya mundawo. Komatu apa ndi pamene pagona nkhani, kwa wogula ngakhalenso kwa ogwira ntchito m'boma amene amasainira zikalata za malondawo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, m'pofunika kukumbukira mmene minda imeneyi inabwerera. Lamulo la mbewu zapadera la mu 1963 linachititsa kuti fodya wa bale ndi wa m'mabani azilimidwa pa maesiteti, pamene lamulo la za malo la mu 1965 linapatsa nduna mphamvu yopereka lizi pa malo a makolo. Aliyense wofuna kulima bale ndi kukagulitsa yekha ku okushoni anayenera kukhala ndi lizi. Zotsatira zake, maesiteti amene anali pafupifupi 1,200 mu 1979 anapitirira 14,000 pofika mu 1989, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1990 anafika cha m'ma 30,000. Ambiri anali ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi Rumphi, ndipo ochuluka mwa iwo anali aang'onoang'ono, otsegulidwa ndi aphunzitsi, akalaliki a m'boma, ochita malonda ndi mabanja a mafumu.

Kuyambira mu 1990, boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale pa minda yawo ya kumudzi. Lizi inaleka kukhala khomo lokhalo lolowera ku msika wa fodya, ndipo eni minda ambiri anaiwalako zoikonzanso. Malizi ambiri a ulimi anali a zaka 21. Izi zikutanthauza kuti lizi yoperekedwa mu 1988 inatha mu 2009. Kafukufuku amene akatswiri a World Bank anatulutsa mu 2017 anapeza kuti malizi a ulimi pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse anali atatha mphamvu, kuti ena anali olowerana malire, komanso kuti malo olimidwa pa maesiteti sanali kukwana theka.

Choncho munthu angathe kuona nyumba yokongola ya khonde lalikulu, mabani oimirira bwino ndi mzere wa mitengo ya bulugamu, n'kupereka ndalama zankhaninkhani, chonsecho wogulitsayo alibenso mphamvu pa nthaka imene zinthuzo zakhalapo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nthawi zambiri wogulitsa sakhalanso amene anatsegula munda, koma ana ake okhala m'tauni, omwe mwina sanagwirizane onse za malondawo ndipo dzina la malemu likadali pa chikalata.

Malamulo sanasiye nkhaniyi poyera. Mwini malo amayenera kudziwitsa Unduna wa za Malo kudzera m'kalata masiku 30 asanagulitse, ndipo lizi siisinthidwa dzina popanda chilolezo cha boma. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a za malo mu 2016, potsatira ndondomeko ya dziko ya za malo ya mu 2002, ndipo mu 2022 inawakonzanso n'kuletsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino, komanso kugulitsa malo a lizi amene sanatukulidwe. Mfundo yachiwiriyi ndiyo imapatsa nyumba ndi zigafa kulemera kumene zinalibe kale, chifukwa tsopano zimaima ngati umboni woti malowo anatukulidwa. Funso limene ofesala woyendera malo ayenera kuliyankha mosakondera ndi lakuti: kodi nyumba imodzi yogumuka ndi chigafa chodyedwa ndi chiswe zingaimire chitukuko cha mahekitala 200? Funsoli silingayankhidwe munthu ali pa desiki ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Pafunika kufika pamalopo.

Nkhalango, imene imabwera kumapeto kwa chidziwitso, ndiyo gawo la munda limene limasokonekera msanga malonda akangochitika. Malizi a ulimi amakhala ndi mfundo yoti gawo limodzi mwa magawo 10 a munda likhale la mitengo. Cholinga chake chinali chakuti mlimi wa fodya azipeza nkhuni zoumitsira fodya m'mabani ndi milimo ya zigafa pa munda wake womwe, osati m'mapiri ndi m'nkhalango za midzi. Ambiri sanaisunge mfundoyi, ndipo umboni wake ndi mapiri a mbee amene akuoneka m'maboma olima fodya. Koma pa minda ina, makamaka imene inagonera zaka zambiri, mitengo yachilengedwe monga mombo, msuku, muwanga ndi tsamba inaphukanso, kotero kuti m'madera ena nkhalango ya pa esiteti ndiyo yokhayo imene yatsala kunja kwa nkhalango zotetezedwa ndi boma ndi manda.

Wogula amene watapa ngongole ku banki amaona nkhalango yotereyi ngati njira yachidule yobwezera ndalama. Makala, nkhuni zootchera njerwa ndi matabwa zili ndi msika wosasowa m'mizinda. Mitengo imene yatenga zaka 30 kukula ingathe kutha m'chilimwe chimodzi, ndipo pambuyo pake mundawo n'kudulidwa mapuloti. Wogulitsanso naye amatha kudula mitengo pakati pa tsiku logwirizana mtengo ndi tsiku losinthana zikalata, chifukwa mapangano ambiri satchula kuchuluka kwa mitengo imene ilipo.

Lamulo la za nkhalango la mu 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ngakhale pa malo a munthu mwini. Vuto ndi lakuti chikalata chosinthira umwini chimayenda m'maofesi a za malo, pamene wodziwa za mitengo ali ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma, ndipo awiriwa kawirikawiri sakumana pa nkhani ya munda umodzi. Mu 2016 dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, akuluakulu amabzala mbande pa miyambo ya nyengo yobzala mitengo, ndipo izi n'zoyamikika. Komabe hekitala imodzi ya mitengo yokhwima imene yapulumuka pa malonda a esiteti siifuna machubu, kuthirira kapena mafuta a galimoto. Imangofuna kuti ofesala wa za nkhalango aiyendere ndi kuilemba chilolezo cha malonda chisanaperekedwe, ndipo mfundo ya gawo limodzi mwa 10 ikumbutsidwe kwa mwini watsopano.

Palinso anthu. M'nyumba zimene chidziwitso chimazitcha za antchito nthawi zambiri mumakhala mabanja amene anabwera ngati matenanti kuchokera ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Machinga ndi Mangochi, ena zaka zambiri zapitazo, ndipo ana awo sadziwa kwawo kwina. Lamulo la za ntchito litakonzedwa mu 2021, utenanti unathetsedwa, koma funso la kumene anthuwa angapite munda ukagulitsidwa limagwera bwanamkubwa wa boma ndi mafumu. Midzi yozungulira nayonso imakhala italowa kale m'mbali mwa munda wogonera. Pa kalembera wa mu 1987 Amalawi anali pafupifupi 8 miliyoni, pamene pa wa mu 2018 anapitirira 17.5 miliyoni. Munthu amene akulima kachigawo kosakwana ekala sangayang'ane mahekitala a tchire kwa zaka 15 osalowamo ndi khasu.

Boma lili ndi chitsanzo cha njira ina. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayenda kuyambira mu 2004 mpaka mu 2011 ndi thandizo la World Bank, inathandiza mabanja opitirira 15,000 osowa malo, kuphatikizapo a ku Thyolo ndi Mulanje, kugula maesiteti kwa eni ake ofuna kugulitsa ku Mangochi ndi Machinga, kenako ku Balaka ndi Ntcheu. Banja lililonse linkapeza mahekitala pafupifupi awiri. Zovuta zinalipo, monga kutalikira kwa madzi, sukulu ndi zipatala, koma malonda aliwonse ankadutsa m'manja mwa khonsolo, opima malo ndi mafumu ndalama zisanatuluke.

Mphamvu yochita chimodzimodzi pa malonda a anthu wamba ilipo kale m'masiku 30 aja. Ndi nthawi yokwanira kuti ofesi ya za malo ione ngati lizi ikadali ndi moyo ndiponso ngati msonkho wa malo unaperekedwa, opima malo apeze zikhomo za malire, ndipo khonsolo idziwe chiwerengero cha mabanja okhala pa mundawo. Kumene kalata yodziwitsa imangolandiridwa n'kuikidwa m'failo, mkangano umakatulukira ku khoti patapita zaka, mitengo itatha kale.