Wotchinga Kumbuyo Wabwino Amudziwa Ndani: Wochemerera Kapena Katswiri?

Ndili mwana kwathu ku Mangochi ndinkasewera mpira kumbuyo. Tsiku lina timu ya sukulu yathu idapambana 1-0. Mnzanga amene adagoletsa adanyamulidwa m'mwamba, atsikana akuimba dzina lake, pamene ife a kumbuyo tidayenda tokha kukasamba kunyanja. Patapita sabata ndidaterereka pamchenga, mpira udandidutsa ndipo tidagonja. Kwa mwezi wathunthu dzina langa lidali "Chibowo". M'nkhani ino ndikufuna kuyankha funso limene lidandisautsa kuyambira pamenepo: kodi luso la wotchinga kumbuyo amaliyeza bwino ndani, wochemerera kapena katswiri?

Poyamba tione diso la wochemerera. Pabwalo la Mangochi Stadium, kapena m'nyumba zoonetsera mpira pa kanema ku Monkey Bay ndi kwa Makawa, maso a anthu amatsatira mpira basi. Choncho wotchinga amaoneka pokhapokha akachita chinthu cha phokoso, monga kudziponya pansi polanda mpira kapena kuwumenya n'kukagwera kuthengo. Koma nthawi zambiri amene wadziponya pansi amakhala kuti adachedwa kuima poyenera. Mnzake amene adatseka njira msanga, mpira osaponyedwanso kumeneko, palibe amuombera m'manja chifukwa palibe chimene chachitika. Zili ngati asodzi a chilimira. Usipa ukaphedwa wambiri, ulemu umapita kwa siginala. Amene adakhala tsiku lonse padzuwa akusoka ukonde timamukumbukira tsiku limene ukondewo wang'ambika.

Chitsanzo ndi mpikisano wa matimu a mu Africa umene udachitikira ku Cameroon mu Januwale 2022. Mmalawi aliyense amakumbukira chigoli cha patali chimene Gabadinho Mhango adagoletsa Morocco, ngakhale Flames idagonja 2-1. Koma Flames idafika pamenepo italepherana mphamvu 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene idatenga chikhocho. Kodi ndi angati mwa ife amene angafotokoze mmene goloboyi Charles Thom ndi anzake a kumbuyo adagwirira ntchito tsikulo? Chimodzimodzinso mu 2010 ku Angola, pamene Flames idagonjetsa Algeria 3-0. Elvis Kafoteka, wosewera kumbuyo, timamutchula kwambiri chifukwa adagoletsa, osati chifukwa Algeria idatuluka yopanda chigoli.

Kodi tinene kuti akatswiri ndiwo salakwa? Ayi. Mphoto ya Ballon d'Or, imene atolankhani a zamasewera amaponyera voti, idayamba mu 1956, koma goloboyi amene adailandirapo ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963. Wotchinga kumbuyo womaliza kuilandira ndi Fabio Cannavaro mu 2006. Zikuonetsa kuti nawonso odziwa mpira amakopeka ndi zigoli.

Ku America, pa masewera a baseball, nkhaniyi idafika poseketsa. Kumeneko kuli mphoto ya Gold Glove, yopita kwa odziwa kuwakha ndi kuponya mpira poteteza timu yawo, ndipo amasankha ndi aphunzitsi a matimu. Mu 1999 aphunzitsiwo adapereka mphotoyi kwa Rafael Palmeiro, amene chaka chimenecho adangosewera masewera 28 okha pamalo amene adamupatsira mphotoyo. Adasankha dzina, osati ntchito. Kuyambira 2013 eni mphotoyi adayamba kuphatikiza mavoti a aphunzitsi ndi ziwerengero za mmene aliyense wasewerera.

Apa ndi pamene ndikuona kuti wochemerera ali ndi chake chimene katswiri alibe. Katswiri wofufuza osewera akachoka ku Blantyre kapena ku Lilongwe amaonera masewera amodzi n'kubwerera. Bambo wogulitsa usipa amene sajomba pabwalo Lamlungu lililonse amadziwa mnyamata amene amatopa msanga kukatentha, amene amaopa mpira wa mutu, ndi amene amakalipira anzake kuti aime bwino. Vuto lake n'lakuti mtima umamulamulira: mwana wa m'mudzi mwake salakwa, ndipo cholakwa chimodzi cha mlendo sachiiwala. Katswiri amadziwa choyang'ana koma nthawi alibe. Wochemerera ali ndi nthawi koma kawirikawiri sadziwa choyang'ana.

Wina anganene kuti mpira ndi chisangalalo chabe, aliyense achemerere amene wamukonda. Ine ndikukana. Anyamata a kunyanja amaona amene akunyamulidwa m'mwamba. Pogawana malo, aliyense amafuna kutsogolo, ndipo kumbuyo kumatsalira wonenepa kapena wobwera mochedwa. Tikapitiriza motere, tidzawapeza kuti a Peter Mponda a mawa? Komanso kwa mnyamata wosauka, kuonedwa kapena kusaonedwa ndi timu yaikulu ndi nkhani ya tsogolo lake lonse.

Pomaliza, maganizo anga ndi akuti mutu umodzi susenza denga. Wofufuza osewera asanalembe dzina, ayambe wafunsa anthu amene amaonera mnyamatayo chaka chonse. Aphunzitsi a zamasewera m'sukulu zathu apatse ophunzira awiri kope ndi cholembera kuti azilemba mipira imene wotchinga aliyense walanda, imene wataya ndi kangati kamene wadutsidwa. Zimenezi sizifuna kompyuta. Nafenso ochemerera tiyese, kwa mphindi khumi zokha pa masewera aliwonse, kuchotsa maso pa mpira ndi kuyang'ana mnyamata amene waima kumbuyo. Anthu a kwathu akadatero tsiku lija, bwenzi ataona kuti ndisanaterereke ndidali nditalanda mipira yambiri imene palibe adaiwerenga.