Chikalata cha Imfa ku America: Amapereka Ndani?

Pa 4 Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump, polankhula ku nyumba ya malamulo ya dziko la United States of America, anadandaula kuti mabuku a bungwe la Social Security, limene limapereka penshoni kwa okalamba, ali ndi maina mamiliyoni a anthu amene zaka zawo zinapitirira 100, ena kuposa 150, koma akuonekabe ngati amoyo. Iye anati ichi ndi chizindikiro cha chinyengo. Komabe ofufuza za kayendetsedwe ka bungwelo anali atalemba kale mu 2023 kuti maina okwana 18.9 miliyoni a anthu obadwa mu 1920 kapena m'mbuyo mwake analibe umboni wa imfa, ndiponso kuti pafupifupi onsewo sanali kulandira ndalama iliyonse. Ochuluka a iwo anatsikira kulichete kalekale, kungoti uthenga wa imfa yawo sunafike ku likulu.

Owerenga angadabwe kuti zoterezi zingachitike bwanji m'dziko lolemera chomwechi. Yankho lake tilipeza tikatsatira njira imene chikalata cha imfa chimayenda, kuchokera pa bedi la wodwala mpaka m'manja mwa namfedwa.

Choyamba chofunika kudziwa nchakuti boma lalikulu la ku Washington silipereka chikalata cha imfa kwa munthu amene wamwalirira m'dzikomo. Ntchitoyi ndi ya zigawo. Dzikoli lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi ofesi yakeyake yosunga kaundula wa kubadwa, ukwati ndi imfa. Pamwamba pa zimenezi pali mzinda wa Washington, zilumba zisanu monga Puerto Rico ndi Guam, ndiponso mzinda wa New York umene uli ndi kaundula wake wosiyana ndi wa chigawo cha New York, ndiye kuti maofesi akuluakulu onse pamodzi alipo 57. Zigawozo nazonso zinagawidwa m'makaunti, amene tingawayerekeze ndi maboma athu monga Dedza kapena Mulanje, ndipo makauntiwo alipo oposa 3,000. M'zigawo zambiri munthu akhoza kupempha chikalata ku ofesi ya kaunti kumene imfa inachitikira kapena ku ofesi ya chigawo, ndipo kawirikawiri ya kaunti ndiyo imafulumira.

Dongosolo lotereli linakula pang'onopang'ono. Chigawo cha Massachusetts ndicho chinatsogola pokhazikitsa lamulo la kaundula wa chigawo chonse kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1840. Mu 1880 ofesi ya kalembera wa anthu inayamba kusonkhanitsa ziwerengero za imfa kuchokera m'madera ochepa amene mabuku awo anali odalirika, ndipo panapita zaka 53 kuti dziko lonse lilowemo, pamene Texas inalowa mu 1933. Lero nthambi ya National Center for Health Statistics imalandira ziwerengerozo ndi kulangiza za maonekedwe a fomu, imene inakonzedwanso mu 2003, koma ilibe mphamvu yokakamiza chigawo chilichonse.

Munthu akamwalira, chikalata chake chimalembedwa ndi anthu awiri. Woyang'anira nyumba yokonzera maliro amafunsa wachibale dzina la malemu, tsiku lobadwa, maina a makolo, ntchito yake ndi kumene amakhala. Dokotala amene amamsamalira ndiye amalemba chimene chamupha. Ngati imfa yachitika mwadzidzidzi, pa ngozi, mwa chiwembu kapena popanda dokotala, nkhaniyo imapita kwa dokotala wa boma wopima mitembo kapena kwa mkulu wotchedwa coroner. Apa mpamene pali chodabwitsa, pakuti m'makaunti ambiri coroner amasankhidwa pa chisankho ngati khansala, ndipo m'zigawo zina lamulo silifuna kuti akhale dokotala konse. Motero imfa ziwiri zofanana, zochitika m'makaunti awiri oyandikana, zikhoza kulembedwa mosiyana.

Anamfedwa ambiri amazindikira kulemera kwa pepalali maliro atatha. Banki silola kukhudza ndalama za malemu popanda chikalatacho. Kampani ya inshuwalansi imachifuna, khoti loona za chuma cha masiye limachifuna, ofesi yosintha umwini wa nyumba kapena galimoto imachifunanso, ndipo ambiri a iwo safuna fotokope wamba koma chikalata chokhala ndi chidindo cha ofesi. Nchifukwa chake okonza maliro amalangiza mabanja kuti agule makope angapo nthawi imodzi. Mtengo wake umasiyana malinga ndi chigawo. Ku California kope limodzi linali madola 24 mu 2022, pamene ofesi ya chigawo cha Texas inali kulipiritsa madola 20 pa kope loyamba ndi madola 3 pa lililonse lowonjezera. Wofuna kuitanitsa pa intaneti nthawi zambiri amadutsira ku kampani ya VitalChek, imene imaikapo mtengo wake pamwamba.

Chimene chimapweteka kwambiri ndi kuchedwa. Ngati opima mitembo akuyembekezera zotsatira za magazi, chikalata chimatuluka ndi mawu osonyeza kuti chifukwa cha imfa sichinadziwike, ndipo izi zikhoza kutenga milungu ingapo kapena miyezi. Pa nthawi yonseyo a inshuwalansi ena amakana kulipira, pomwe mayi wamasiye akuyembekezeredwa kulipira lendi ndi ngongole ya maliro.

Nanga woyenera kulandira chikalatacho ndani? Apanso chigawo chilichonse chimayimba nyimbo yake. Ku Texas chikalata cha imfa chimakhala chachinsinsi kwa zaka 25, ndipo pa nthawiyo amapatsidwa ndi achibale enieni okha kapena owayimira mwalamulo. Ku Florida munthu aliyense wamkulu akhoza kugula chikalata chosatchula chifukwa cha imfa, koma chotchula chifukwacho chimatsekedwa kwa zaka 50 kupatula kwa achibale ndi ena okhudzidwa. California kuyambira mu 2003 imapereka mitundu iwiri: kope lovomerezeka kwa achibale, ndi kope longodziwitsa kwa wina aliyense. Cholinga cha malamulowa nchomveka, pakuti akuba amatha kugwiritsa ntchito dzina la womwalira potenga ngongole. Koma taganizirani mayi amene anakhala ndi mwamuna zaka makumi awiri popanda ukwati wolembetsa, kapena mwana wa mlongo amene anadwazika malume ake mpaka tsiku lomaliza. Kwa ife ameneyu ndi mwini maliro, pamene pa zenera la ofesi ya kaunti akhoza kubwezedwa ngati mlendo mpaka ataonetsa umboni wakuti nkhaniyo ikumkhudza mwalamulo.

Ntchito yachiwiri ya chikalatachi ndi yowerengera mtundu, ndipo ndiyo yadzetsa mikangano yaikulu zaka zapitazi. Mphepo yamkuntho yotchedwa Maria itasakaza Puerto Rico mu Sepitembala 2017, boma la chilumbacho linanena kuti anthu 64 ndiwo anafa. Mu Ogasiti 2018 akatswiri a George Washington University, amene bomalo linawapempha kufufuza, anapeza kuti imfa zinali pafupifupi 2,975. Chimodzi mwa zifukwa zimene anatchula chinali chakuti madokotala ambiri sanaphunzitsidwe kalembedwe ka chikalata pa nthawi ya tsoka. Munthu wodwala impso akafa chifukwa makina a kuchipatala aima posowa magetsi, dokotala amangolemba matenda a impso, mphepo ija osaitchula. Sanali kunama, koma chiwerengero cha boma chinachepa nacho kwambiri.

Mliri wa COVID-19 unabweretsa vuto lomwelo pa khomo la banja lililonse. Mu Epulo 2021 bungwe la FEMA linayamba kubweza ndalama za maliro, mpaka madola 9,000 pa maliro amodzi, kwa mabanja amene anataya wachibale ndi matendawa, koma chikalata cha imfa chinayenera kutchula COVID-19. Ambiri amene anamwalira m'miyezi yoyambirira ya 2020, zipangizo zoyezera zisanachuluke, analembedwa kuti anafa ndi chibayo kapena mtima. Mabanja anayamba kubwerera kwa madokotala kukapempha kuti zikalata zikonzedwe, mpaka bungwelo linafewetsa lamulo ndi kulola kalata ya dokotala kapena coroner pa imfa zochitika pakati pa 20 Januwale ndi 16 Meyi 2020. Chithandizochi chinatha mu Sepitembala 2025.

Mwa kuona kwanga, kugawira zigawo ntchitoyi sikulakwa pakokha, popeza ofesi yapafupi ndiyo imadziwa anthu ake ndipo namfedwa sayenda mtunda wautali. Cholakwika nchakuti gawo lofunika kuposa onse, lonena chimene chapha munthu, linasiyidwa m'manja mwa anthu amaphunziro osiyana kwambiri, ena a iwo osankhidwa ndi mavoti, kenaka dziko lonse nkumadalira zimene alembazo pogawa ndalama ndi pokonza mfundo za umoyo.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso chifukwa ana athu ambiri ali kumeneko pa sukulu ndi pa ntchito, ena m'mizinda monga South Bend ku Indiana kumene kuli Amalawi ochuluka. Mmodzi akamwalira, ofesi ya kazembe wathu ku Washington singalembe chikalata cha imfa yake. Chiyenera kuchokera ku kaunti kapena chigawo chimene wamwalirira, ndipo popanda icho mtembo sungakwezedwe ndege. Kuti chikalatacho chilandiridwe mosavuta kuno kwathu pa nkhani za banki kapena malo, nkwanzeru kuchipititsa kaye ku ofesi ya mlembi wa chigawocho kuti achiikire chitsimikizo chotchedwa apostille, pakuti maiko onse awiri ali m'pangano la ku Hague la 1961. Wachibale amene akuyankha mafunso a wokonza maliro aonetsetse kuti maina alembedwa monga momwe alili m'pasipoti. Mzungu wolemba dzina ngati Mkandawire kapena Ng'ombe mongomvera ndi khutu akhoza kusiya chilembo chimodzi, ndipo kukonza cholakwacho pambuyo pake kumafuna fomu ina, lumbiro ndi ndalama zina, uku abale ali kumudzi kudikira tsiku loika maliro.