Anazimitsa jenereta mnyamata atayamba kulankhula Chinyanja

Lero mundikhululukire, sindilemba za kaphunzitsidwe ka zilembo monga mwa masiku onse. Pali chimene ndinaona ndi maso anga Loweruka lina mwezi wathawu, ndipo chakana kuchoka m'mutu mwanga.

Inali nthawi yoti anthu akumba mbatata ya kachewere, m'matumba muli kangachepe, ndiye pa msika wina kuno kwathu anakonza zoimbaimba. Anazinga bwalo ndi masaka ndi mapepala apulasitiki, pakhomo tinkalipira. Asanakwere oimba aakulu, anayamba ndi mnyamata wa konkuno, dzina ndisunga. Nyimbo yake yachiwiri inali ya rap, ya m'Chipwitikizi, ndipo mawu ake anali oyabwa ndithu: za akuluakulu odya okha, za malonjezo obwera chaka cha chisankho chokha. Anthu anavina. Amene ankalondera pakhomo nawonso ankagwedeza mitu motsatira ng'oma. Palibe anadandaula.

Itatha nyimboyo, mnyamatayo anauza anzake kuti ayambe aima kaye. Anagwira maikolofoni n'kuyamba kulankhula m'Chinyanja chathu chomwechi. Anati mvula ikagwa galimoto sizifika kumidzi, matumba a mbatata amawolera m'mbali mwa msewu, ndipo wogula amene walimba mtima n'kufika amatchula mtengo yekha. Anati mwana wa mlongo wake akuphunzirira pansi pa mtengo. Sanatchule chipani, sanatchule munthu. Amayi ogulitsa zitumbuwa kumbuyo kwa bwalo analiza nthungululu, agogo ena amene anali kunja kwa mpanda anayamba kusuzumira pamwamba pa masaka. Sipanathe mphindi ziwiri, jenereta inazima. Wokonza zoimbazo anati mafuta atha. Mnyamatayo atangotsika pa nsanja, mafutawo anapezeka.

Lolemba kusukulu nkhani inali yomweyi. Mphunzitsi mnzathu wachikulire, amene ndimamulemekeza ngati bambo anga, anati: "Oimba aziimba, andale azinena ndale. Anthu analipira kuti avine. Mwana uja ng'oma yake ikulira kwambiri, ndipo ng'oma yolira sichedwa kung'ambika." Sindinawatsutse pamaso pa anzathu. Ndikuwayankha pano, ndipo ndawauza kale kuti ndiwayankha.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti mantha awo sanawatole m'buku. Iwo anathawa nkhondo ali mnyamata, anakhala zaka ku Ntcheu mpaka pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992. Ambiri a ife a zaka makumi atatu tinabadwira kutsidya kwa malire, kapena tinabwera kuno tili kumbuyo kwa amayi. Ndipo si zakalekale zokha. Mu 2015 ndi 2016 anthu a mbali za Moatize ndi Tsangano anathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi. Munthu amene waona zotere akamva mawu akuti ndale, amamva fungo la nyumba yopsa. Akanena kuti tiyeni tingovina, sakunena chifukwa cha ulesi wa maganizo.

Koma taonani chimene chinachitika usiku uja. Ndale zinanenedwa kawiri. Koyamba zinanenedwa mwaukali, m'Chipwitikizi, ndipo magetsi sanazime. Kachiwiri zinanenedwa mofatsa, m'Chinyanja, ndipo magetsi anazima. Ndiye chimene wokonza uja anachiopa n'chiyani? Sanaope ndale. Anaopa kuti amayi a zitumbuwa amva.

Ife amene timaphunzitsa m'zilankhulo ziwiri tiyenera kukhala oyamba kuzindikira zimenezi, chifukwa ndi nkhani yathu yomwe ija yavala malaya ena. Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 48, amapatsa nzika iliyonse ufulu wonena zakukhosi. Pa ndime 9 amati boma limalemekeza zilankhulo zathu ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Koma pa ndime 10 chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, ndipo ndi m'menemo mmene bajeti imawerengedwa, mmene aphungu amakangana ku Maputo, mmene zikalata zimalembedwa. Mlimi wa fodya wa ku Macanga amene anasiyira sukulu kalasi yachitatu amamva nkhani za dziko lake kudzera mwa womasulira, ndipo womasulirayo nthawi zambiri amakhala atabwera pa galimoto imodzi ndi wolankhulayo. Malo amene nkhani ya msewu, ya mtengo wa mbewu, ya mankhwala kuchipatala inganenedwe pagulu m'chilankhulo cha eni ake, popanda womasulira, ndi owerengeka: kumaliro, kutchalitchi nthawi zina, pa wailesi ya m'dera ngati alola, ndi pa nsanja ya oimba. Tikatseka pakamwa woimba, tatseka amodzi mwa makomo ochepawo.

Kuyambira pa kuyesa kwa PEBIMO, kwa 1993 mpaka 1997, kumene kunasankha Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, takhala tikuuza makolo kuti mwana amaganiza bwino m'chilankhulo cha amayi ake. Ku IFP anatiphunzitsa zomwezo. Kodi tinkatanthauza kuti aziganiza m'Chinyanja za nkhuku ndi mbuzi zokha, koma akafika pa msewu wa kwawo asinthe chilankhulo kapena akhale chete?

Ena amati zoimba ndi ndale kusakanizana ndi khalidwe lobwera ndi achinyamata a rap. Ayi ndithu. Amayi athu pamtondo ankaimba nyimbo zodzudzula mwamuna waulesi, apongozi ovuta, ngakhale nyakwawa, ndipo wodzudzulidwayo ankamva ali pakhonde koma sakanawaimba mlandu, popeza ndi nyimbo. Inu a ku Macanga mukudziwa bwino kuposa ine kuti m'Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, muli zilombo zonga Simoni wa nkhope yofiira zimene zinkaseka azungu iwo ali ndi mphamvu zonse. Kumunsi kwa Zambezi, ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates anaimba kwa zaka zambirimbiri nyimbo yotchula Paiva, kudandaula za nkhanza za kampani. Achopi a ku Zavala ankaika madandaulo a msonkho ndi ntchito yokakamiza m'nyimbo za timbila, n'kuimba mafumu ndi akuluakulu atakhala pomwepo. Bwalo la gule linali nyumba ya malamulo ya anthu osauka tisanadziwe n'komwe mawu akuti nyumba ya malamulo.

Palinso china chimene chimandiseketsa, ngakhale si choseketsa. Nthawi ya kampeni zipani zimanyamula oimba pa malole, timatcha showmício, ndipo woimba amafuula dzina la woimira chipani pakati pa nyimbo iliyonse. Sindinamvepo munthu akunena kuti oimba aziimba chabe. Ku Malawi nthawi ya Kamuzu amayi a Mbumba ankaimba ndi kuvina zotamanda mtsogoleri pa msonkhano uliwonse, ndipo ambiri sankachita kufuna. Zimenezo sizinkatchedwa kulowetsa ndale m'nyimbo. Zikuoneka kuti nyimbo imasanduka ndale pokhapokha ikayamba kufunsa mafunso.

Mtengo wa kufunsako ndi wodziwika, sindingaubise. Azagaia atatulutsa Povo no Poder pambuyo pa zipolowe za mtengo wa chapa za pa 5 Febuluwale 2008, anaitanidwa ku Procuradoria kuti akafotokoze. Atamwalira pa 9 Malichi 2023, achinyamata amene anafuna kuyenda mumsewu pomukumbukira pa 18 Malichi anabalalitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi ku Maputo. Evison Matafale wa ku Chileka anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Pilato wa ku Zambia anathawira ku South Africa kumayambiriro kwa 2018 chifukwa cha nyimbo ya khoswe wolowa mumphika. Ndikamva mphunzitsi wachikulire uja akunena za ng'oma yong'ambika, mayina awa ndi amene amandibwerera, ndipo ndikanakhala mayi wa mnyamata uja mwina nanenso ndikanathamangira kukazimitsa jeneretayo. Koma kuopera mwana ndi chinthu china, kunena kuti mwanayo walakwa ndi chinanso.

Ndipo ngakhale woimba atatseka pakamwa, anthu amabwera nazo okha. Kumapeto kwa chaka cha 2000 ku Harare, Oliver Mtukudzi akuimba Wasakara, nyimbo yonena za kuvomereza ukalamba, munthu woyendetsa magetsi anawalitsa nyali pa chithunzi cha Robert Mugabe chimene chinali pakhoma, ndipo anamangidwa. Mtukudzi ankanena kuti nyimboyo ndi ya ukalamba wa munthu aliyense. Khamu linali litaipatsa kale tanthauzo lake.

Tsopano, kodi ndikuti woimba anene chilichonse chimene chamubwerera? Ayi, ndipo apa ndi pamene ndimagwirizana ndi akuluakulu. Munthu amene ali pa nsanja usiku, pamaso pa khamu limene lamwa, ali ndi ana osuzumira pa mpanda, wagwira moto m'manja. Akhoza kunena kuti msewu wafa, ndipo amene anaulonjeza abwere adzayankhe. Koma akayamba kuloza nyumba ya munthu, kapena kunena kuti a chipani chakuti, a mtundu wakuti, obwera akuti ndiwo atilodza, ameneyo wasiya kuimba. Ku Rwanda woimba wotchuka Simon Bikindi anaweruzidwa mu 2008 ndi khoti la mayiko onse kukakhala kundende zaka 15, ndipo chimene chinamumangitsa ndi mawu amene analankhula pa chokuzira mawu mu 1994, olimbikitsa anthu kupha anzawo. Ifenso taona mazana a anthu akufa m'zipolowe zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Chilankhulo cha amayi chimalowa msanga mumtima, n'chifukwa chake timachikonda m'kalasi, ndipo n'chifukwa chomwecho wochigwiritsa ntchito pagulu ayenera kuyeza mawu ake kawiri.

China chimene ndimapempha oimba n'chakuti asatinamize. Ngati chipani chakulipira, nena kuti chakulipira, tidziwe kuti tikumvera kampeni. Ambiri kuno tinakula tikumva Lucius Banda pa wailesi za ku Malawi, popeza Balaka si kutali. Ankadzitcha msilikali wa amphawi, kenako mu 2004 anakhala phungu wa UDF, ndipo pamapeto anali mlangizi wa Pulezidenti Chakwera mpaka imfa yake mu Juni 2024. Anthu amakanganabe ngati ndale zinamukuza kapena zinamuchepetsa. Ine chimene ndimamuyamikira n'chakuti mbali imene waima inkadziwika, ndipo womvera ankatha kudzisankhira kuti amukhulupirire mpaka pati. Woopsa ndi uja amene walandira envulopu kuseri kwa nsanja n'kubwera kudzalira misozi ya amphawi pamaso pathu.

Nanga aja amene analipira kuti avine? Ali ndi mfundo, pang'ono. Woimba amene amalankhula theka la ola n'kuimba nyimbo ziwiri watibera. Koma mankhwala ake alipo kale: khamu limadziwa kukuwiza, limadziwa kutuluka, ndipo ulendo wotsatira silibwera. Usiku uja palibe anakuwiza. Amene anaweruza kuti anthu sakufuna kumva anali munthu mmodzi, ataima pafupi ndi jenereta.

Kwa ife aphunzitsi, ndikudziwa kuti ndife antchito a boma ndipo m'kalasi sitinyamula mbendera ya chipani. Zimenezo n'zoyenera, ndipo ine ndimazisunga. Koma ana athu anali pa mpanda paja. Lachiwiri, pa phunziro la kulemba ziganizo, mtsikana wina wa kalasi yachitatu analemba kuti: "Msewu wathu uli ndi matope ndipo mbatata za agogo zinawola." Kalembedwe kake kanali kolondola, chizindikiro chopumira chili pamalo pake. Ndinaima ndi cholembera chofiira m'manja, ndipo ndinadzigwira ndikuganiza kuti kodi woyendera sukulu akaona adzati chiyani. Manyazi anandigwira. Ndinachonga, ndipo ndinamuuza kuti alembenso chiganizo chomwecho m'Chipwitikizi pansi pake, monga timachitira ndi ziganizo zonse.

Pa msonkhano wa ZIP ukubwerawu ndikufuna tikambirane zimenezi, chifukwa ndikukhulupirira kuti si ine ndekha amene dzanja linanjenjemera pa chiganizo cha mwana. Makolo a mu conselho de escola nawonso atiuze maganizo awo, makamaka amene anaona nkhondo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndakonzeka kutsinidwa.

Mnyamata uja ndinakumana naye sabata yatha pa msika, atasenza thumba la mbatata kupita nalo pa lole. Anandiuza kuti amuitana kukaimba mbali za ku Macanga mwezi wamawa, ndipo ndalama yake ingamugulire feteleza wa dimba lonse. Amuuza chinthu chimodzi chokha: aimbe nyimbo zake zonse, ngakhale ya m'Chipwitikizi ija, koma pakati pa nyimbo asalankhule. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mukanatani?" Ndinamuuza kuti ine ndili ndi malipiro a pamwezi ndipo iye alibe, choncho sindingamusankhire. Anaseka, n'kunena kuti wayamba kale kupeka nyimbo ya msewu uja m'Chinyanja, popeza za kuimba sanamuletse.