Carter Anadya Lamulungu la Malume

Malume anga amagwira ntchito ya m'dimba ku Waterkloof masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Lamulungu lokha ndiye lawo. Akaweruka kutchalitchi amakwera takisi kubwera kwanga ku Sunnyside, tidye nsima kenako tionere kanema. Chingerezi amachimva, koma mawu olembedwa m'munsi mwa kanema amathamanga kuposa maso awo, ndiye ndimakhala pambali pawo n'kumamasulira. Ndi ntchito yomweyo imene imandilipirira lendi, kungoti ya Lamulungu ndi yaulere ndipo ndimaikonda kwambiri.

Mu Ogasiti 2022 ndinawasankhira Carter, filimu ya ku South Korea imene inali itangotuluka pa Netflix. Anzanga pa WhatsApp ankangoti "usaiphonye, sunaonepo zotere." Woikonza, Jung Byung-gil, ndinkamudziwa chifukwa cha The Villainess ya 2017, muja anthu amatemana ndi malupanga ali pa njinga zamoto. Masiku amenewo magetsi ankazima mosinthana m'madera, ndipo kwathu anali oti azima madzulo. Mpata tinali nawo wa filimu imodzi basi.

Nkhani yake ndi iyi. Munthu wadzuka osakumbuka ngakhale dzina lake. M'khutu mwake muli mawu a mzimayi womuuza chochita, m'kamwa amuikamo bomba. Kwabuka kachirombo kosandutsa anthu zilombo, ndipo iye ayenera kutenga kamtsikana kamene magazi ake ali ndi mankhwala n'kupita nako ku North Korea. Zimenezi ndinazimasulira m'mphindi zoyambirira. Kwa maola awiri otsatirawo, zambiri zimene ndinanena zinali "akuti athawe", "akuti akhote kumanzere", "akuti adumphe". Mpaka malume anandigwira pabondo n'kunena kuti, "Iwe, pumula. Zodumphazo ndikuziona ndekha."

Chimene anthu ankaitamira ndicho kajambulidwe: filimu yonse anaikonza kuti izioneka ngati kamera sinazimitsidwepo. Ndi bodza loonekera. Malo amene analumikiza amaoneka ngati chigamba cha ulusi woyera pa buluku lakuda: kamera imalowa pamsana pa munthu, mdima pang'ono, kenako tatulukira kwina. Bodzalo ndikanalikhululukira, kanema aliyense ndi bodza. Chimene sindikhululuka n'chakuti kamera yosapumayi siikupatsa mpata woona ndewu imene yakuitanira. Imazungulira, imalowa pansi pa galimoto, imauluka, imagubuduzika. Carter amapha anthu ambirimbiri m'nyumba yosambiramo, amamenyana m'lole yodzaza nkhumba, amagwa kuchokera m'ndege akuwomberana ndi mnzake m'malere, ndipo pa zonsezi chimene ndinamva m'thupi mwanga ndi chizungulire chokha.

Wina anena kuti ndikufuna nsomba m'chitsime, kuti filimu ya nkhonya saionera nkhani. Ameneyo sanakulire m'vidiyo sho. Ife ku Ndirande tinkakhala pa mabenchi a matabwa, Chingerezi osachimva, koma aliyense ankadziwa kuti Schwarzenegger mu Commando akupheranji anthu: amubera mwana, ndipo mwanayo tinamuona akusewera ndi bambo ake asanabedwe. Carter nayenso akuti ali ndi mwana wodwala. Akuti. Tamva kwa mawu a m'khutu aja, monga mmene tamvera zokhota kumanzere.

Ndipo sikuti a ku Korea sadziwa kujambula ndewu kamera osaidula. Mu Oldboy ya Park Chan-wook, ya 2003, muli ndewu ya m'kanjira kopanikiza: munthu mmodzi ndi hamala, adani gulu. Kamera imangotsetsereka cham'mbali, pang'onopang'ono. Munthuyo amatopa. Amagwa, amam'ponda, amamubaya mpeni kumsana, amadzuka n'kuima kaye kuti apeze mpweya, adani akenso ali wefuwefu. Mphindi zochepa zimenezo zimapweteka kuposa Carter yense, chifukwa thupi limene ukuliona lili ndi malire. La Carter lilibe. Munthu amene satopa, sathyoka ndipo sakumbuka kanthu, ndimuderenji nkhawa?

Mlandu wina ndi wanga. Chichokereni pamene Parasite inapambana Oscar ya filimu yabwino koposa mu 2020, kenako Squid Game n'kugwedeza dziko mu 2021, mawu akuti "ndi ya ku Korea" tawasandutsa chidindo. Sitifunsanso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere, koma ife tikutola nkhuyu iliyonse chifukwa mtengo wake unatipatsapo zokoma.

Apa ndi pamene zimandiwawa monga womasulira. Bong Joon-ho, polandira mphoto ya Golden Globe chaka chomwecho cha 2020, analimbikitsa anthu kudumpha kampanda kakang'ono ka mawu a m'munsi kuti apeze mafilimu ambiri abwino. Ambiri a ife amene timalemba m'zilankhulo za ku Africa tinaombera m'manja, poganiza kuti khomo limene latsegukira Chikoreya tsiku lina lidzatsegukiranso Chichewa, Chisotho kapena Chiyoruba. Carter akundionetsa njira ina imene msika ungasankhe. M'malo mothandiza anthu kudumpha mpanda, ungopanga katundu wopanda choti n'kumasulira. Mu Parasite muli fungo la umphawi limene olemera amalimva pa wantchito wawo, muli ulemu wa m'mawu umene umabisa chipongwe. Womasulira amatuluka nazo thukuta. Malume, amene amalowera pageti la kumbali kunyumba imene amagwirako, anaimva filimu imeneyo kuposa ine, ndipo anaikamba milungu itatu. Mu Carter Chikoreya chilimo ngati mtundu wa penti. Mutachotsamo n'kuikamo chilankhulo china chilichonse, palibe chingatayike. Filimu yotere imayenda msanga kuchoka ku Seoul kufika ku Pretoria, inde, chifukwa sinanyamule kanthu. Tsono ngati zimenezi ndizo zizitchedwa kupambana kwa mafilimu a zilankhulo zina, wa ku Lilongwe wofuna kutchuka kunja aphunzirapo chiyani? Kuti achepetse Chichewa, achulutse mabomba.

Itafika pa mahelikopita ndi sitima, malume anali atayamba kusinza. Anadzidzimuka mayina akukwera, n'kufunsa kuti, "Ndiye wafika naye mwana uja?" Ndinayamba kufotokoza koma ndinaona kuti nanenso sindikusamala. Posakhalitsa magetsi anazima. Ndinawaperekeza ndi tochi ya pafoni mpaka pamene amakwerera takisi, ndipo ali pakhomo la galimoto anatembenuka.

"Sabata yamawa ndisankha ndine. Uli nayo Jumong?"

Jumong ili ndi magawo 81. Tinaimaliza chaka chotsatira.